Bach, Voyager 1 ndi pulogalamu yoduladula

Ndikamalemba mapulogalamu a kompyuta, m'makutu mwanga mumakhala muli Bach, wopeka nyimbo wakale wa ku Germany. Ena amati nyimbo zakezo n'zogonetsa, koma kwa ine ntchito ziwirizi n'zapachibale, ndipo chimene chinanditsimikizira zimenezi ndi chombo chakale cha m'mlengalenga.

Chombocho ndi Voyager 1, ndipo chinanyamuka pa 5 September 1977. Lero palibe chinthu chopangidwa ndi munthu chimene chili kutali kuposa icho. Makompyuta ake onse pamodzi ali ndi memory (malo osungira zinthu m'kompyuta) ya ma kilobyte pafupifupi 70, moti chithunzi chimodzi chojambula ndi foni sichingakwanemo.

Mu November 2023 chombochi chinayamba kutumiza zosamveka, manambala 1 ndi 0 ongobwerezabwereza. Akatswiri a ku Jet Propulsion Laboratory ku California anafufuza kwa miyezi ingapo mpaka anapeza kuti chip imodzi ya memory, kachipangizo kakang'ono kamagetsi, yafa, m'kompyuta imene imalongedza uthenga wobwera kuno, ndipo mbali ina ya pulogalamu inali mu chip yomweyo. Kupita kukaisintha n'kosatheka. Chombocho chinali pamtunda wa makilomita pafupifupi 24 biliyoni. Uthenga unkatenga maola 22 ndi theka kuti ukafike, yankho n'kutenganso ena 22 ndi theka. Ine ndikasintha mzere umodzi ndimaona zotsatira zake nthawi yomweyo. Iwo ankatumiza lero, n'kudikira mpaka mkuja, akudziwa kuti akaphonya pang'ono chombocho chikhoza kukhala chete mpaka kalekale.

Zimene anachita zimandigwira mtima. Mu memory yotsalayo munalibe malo amodzi okwanira code yonse, kutanthauza mizere ya pulogalamu, imene inatayikayo. Ndiye anaiduladula, chidutswa ichi apa, ichi apo, m'timipata timene tinalipo. Kenako anayenda m'pulogalamu yonse kusintha paliponse pamene inkaloza malo akale, kuti zidutswazo zizipezanabe n'kumagwira ntchito ngati chinthu chimodzi. Mu April 2024 Voyager 1 inayambanso kulankhula zomveka.

Pambali pa chombo chomwecho anamangirirapo chimbale chamkuwa chokutidwa ndi golide, chimene anakonza ndi gulu lotsogoleredwa ndi wasayansi Carl Sagan, ngati uthenga wopita kwa aliyense amene angadzachipeze. Muli malonje m'zinenero 55, Chinyanja chili momwemo. Mulinso nyimbo: Mozart, Stravinsky, Beethoven kawiri, koma Bach alimo katatu, kuposa wina aliyense. Imodzi mwa zitatuzo ndi nyimbo ya mbali ziwiri, prelude ndi fugue ya mu C, yochokera m'buku lachiwiri la nyimbo zake lotchedwa Well-Tempered Clavier, akuimba pa piyano Glenn Gould.

Fugue imayamba ndi kanyimbo kakafupi, liwu limodzi lokha. Liwu lachiwiri limalowa ndi kanyimbo komweko pa noti ina, loyamba lija osasiya. Kenako lachitatu. Fugue ya m'chimbalechi ili ndi mawu atatu, chonsecho woimba ali ndi manja awiri. Liwu lapakati lilibe dzanja lakelake. Nthawi zina limagwera zala zakumanja, nthawi zina zakumanzere, kutengera dzanja limene lili ndi mpata, koma womvera ayenera kulimva ngati mzere umodzi wosaduka. Nditawerenga mmene anakonzera Voyager, ndinaganiza za liwu lapakati limeneli.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati malire amapha luso. Mapulogalamu ambiri a masiku ano amadya memory mosaumira, poti ilipo yambiri, ndipo wolemba amatha kusiya mizere imene iye mwini sakudziwa ntchito yake. Amene analemba code ya Voyager analibe mwayi umenewo. Byte iliyonse, kachigawo kakang'ono kwambiri ka memory, ankaidziwa. Ndikukhulupirira kuti n'zomwe zinathandiza kuti anthu ena, patapita zaka 46, athe kuitsatira n'kuisamutsa.

Mphamvu ya chombochi imachokera ku kutentha kwa plutonium, chitsulo chotulutsa mphamvu ya nyukiliya, ndipo imatsika ndi mawati pafupifupi 4 chaka chilichonse. Akatswiriwo akuzimitsa zida zake chimodzichimodzi kuti zotsalazo zipitirize kutumiza zimene zikuyeza kumeneko.

Ngati simunamvepo fugue, yambani ndi ya Gould yomweyi, ndi yaifupi. Ulendo woyamba ingomverani. Wachiwiri werengani kuti kanyimbo koyamba kaja kabwera kangati. Wachitatu tsatirani liwu lapakati lokha, ndipo yesani kupeza pamene likuchoka kudzanja lina kupita kulina.