Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mayi amene ankafuna kukwera kaponi

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinasiya maganyu osamalira maluwa ku Randburg n'kukalowa ntchito ya m'makola a mahatchi ku Kyalami. Amene munakhalako ku Joni mukudziwa kuti ukadutsa Fourways kulowera cha ku Midrand umayamba kuona mipanda ya matabwa ndi zikwangwani zochenjeza oyendetsa galimoto kuti mumsewu muno mumadutsa mahatchi. Eni ake ndi anthu a ndalama, koma ogwira fosholo ambiri ndife a ku Malawi, a ku Zimbabwe ndi a ku Lesotho. Amatitchula kuti ma groom. Umadzuka kusanache, uchotse ndowe ndi utuchi wonyowa, upereke udzu wa teff ndi lucerne, upese hatchi, uichotse timiyala m'ziboda, uimange chishalo, zonsezi mwini wake asanatsike n'komwe m'galimoto.

Kwathu ku Dedza ndinakula ndikuona abulu okoka ngolo. Hatchi ndinkangoionera m'mabuku a kusukulu. Koma kuchepa thupi kunandipatsa mwayi umene anzanga amatupi analibe. Ine sindinapitirirepo makilogalamu 58 chibadwire, ndiye adona ophunzitsa ana kukwera ataona kuti sindiopa, anayamba kumandikweza pa timaponi ta ana, timahatchi tatifupi, tikayamba mwano, kuti nditiwongole. Mwa timeneti panali kena ka mtundu wa Welsh, koyera, kankhope kokongola, kamene ife tinkakatchula kuti Kafupi. Ana ankakakonda, makolo ankakajambula. Khalidwe lake lenileni ndinkalidziwa ndine.

Loweruka lina ndikulankhula pa foni ndi mlongo wanga kuseri kwa khola, ndinamva munthu kumbuyo kwanga akuti, "Achimwene, kodi ndinu a kumudzi?" Anali mayi wina amene ndinkangomuona akubwera ndi mwana wake wamkazi kudzaphunzira, ine n'kumaganiza kuti ndi Mzulu kapena Mtswana. Anali a ku Ntcheu, ankagwira ntchito yowerengera ndalama ku Sandton. Tinapatsana moni wautali, tinafunsana za kumudzi, za mvula, za mtengo wa feteleza. Atayang'ana uku ndi uku m'pamene ananena chimene chinkawasowetsa mtendere.

Bambo a kunyumba kwawo anali atalipira ulendo wa banja lonse wopita ku Semonkong ku Lesotho pa tchuthi cha Disembala, kukaona mathithi a Maletsunyane amene madzi ake amagwa mamita 192. Mwanayo anaumirira kuti onse akapite ku mathithiko pa maponi. Mayiwo anavomera pakamwa, koma mumtima munali mantha okhaokha. Ali mtsikana ng'ombe yamphongo inawathamangitsa kudambo n'kuwagwetsera m'ngalande, ndipo kuyambira pamenepo chinyama chilichonse chowaposa msinkhu ankachilambalala. Mayiwo sanawauze adona aja zimenezi. Anangolembetsa maphunziro.

"Ndiye achimwene, mukandinenereko kwa madamuwo kuti zimahatchi zikuluzikuluzi ine ayi. Andipatse kamene amakwera mwanayu. Ndikagwa ndigwera pafupi."

Maganizo amenewa ndawamva kwa akuluakulu ambiri amantha, azungu ndi akuda omwe. Munthu wamantha amayang'ana chinthu chimodzi, mtunda wochokera pachishalo kufika pansi. Ndipo sanama, kugwa pa kaponi si chimodzimodzi ndi kugwa pa hatchi ya mpikisano ya ku Turffontein. Chimene sawerengera n'chakuti kaponiko kakhoza kukugwetsa kangapo pamene hatchi yofatsa sikanakugwetsa n'kamodzi komwe.

Hatchi sayeza kumutu. Amayeza kuchokera pansi kufika pa fupa lotumphuka pamene khosi likumana ndi msana, ndipo muyezo wake ndi hand, imene ndi mainchesi 4, kapena kuti masentimita 10 ndi pang'ono. Iliyonse yosapitirira ma hand 14 ndi mainchesi 2, amene ndi masentimita pafupifupi 148, ndi poni ngakhale itakalamba motani. Anthu ambiri kwathu amaganiza kuti poni ndi mwana wa hatchi, koma ayi. Ndiye m'gulu limeneli muli ka Shetland kosapitirira masentimita 107, muli a Welsh ngati Kafupi wa masentimita pafupifupi 120, mulinso zina zoti ukaima pambali pake msana wake umakufika m'mapewa. Kungoti "ndikufuna poni" sunanene kanthu.

Chovuta choyamba chinali kulemera, ndipo apa ndinatuluka thukuta. Mayi wolemekezeka, woti wangodziwana naye lero, umamufunsa bwanji makilogalamu ake? Kwathu ukauza munthu kuti "mwanenepatu" ndiye kuti wamuyamikira, koma kuno anthu amalipira ndalama ku gym kuti asamve mawu amenewo. Ndinazungulira. Ndinawauza kuti lamulo limene aphunzitsi ambiri amatsata ndi lakuti hatchi isanyamule katundu woposa gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake, kuphatikiza chishalo, ndipo ena amatsitsa kufika pa 15 peresenti ngati wokwerayo ndi wophunzira, chifukwa wophunzira amadzigwetsa pamsana pa hatchi m'malo moyenda nayo limodzi. Kafupi ankalemera makilogalamu cha m'ma 230. Masamu ndinawasiyira eni ake, poti ndi ntchito yawo. Anaseka mpaka kugwira mpanda. "Ndiye kuti kangathe kunyamula mwendo wanga umodzi basi."

Koma ngakhale mayiwo akanakhala ochepa thupi ngati ine, sindikanawakweza pa Kafupi. Miyendo yaifupi imaponda pafupipafupi. Kaponi kakayamba kuthamanga pang'ono, kumene amati trot, wokwera amayenera kunyamuka ndi kukhala mogwirizana ndi mapazi ake, ndipo pa kaponi zimenezi zimachitika mofulumira kwambiri moti wophunzira amangodumphadumpha mano akugundana. Khosi lake ndi lalifupi, ndiye ukakhala pamwamba kutsogolo kwako kulibe kanthu. Kakangoweramitsa mutu kuti kabudule udzu, iwe wagwira zingwe mwamphamvu chifukwa cha mantha, umapezeka wadutsa pamwamba pa makutu. Thupi lake ndi lopapatiza, miyendo ya munthu wamkulu imalendewera pansi pa mimba popanda chogwira, pamene thupi lako lonse lakumtunda lili m'mwamba. Zili ngati bambo wamkulu kukwera kanjinga ka mwana: pansi ndi pafupi ndithu, koma ukangokhotetsa pang'ono wagwa.

Kuwonjezera apo, timaponi tambiri ta m'sukulu timakula tikukweredwa ndi ana okhaokha, ndipo timaphunzira msanga kuti mwana alibe mphamvu. Kafupi ankadziwa kugwetsa phewa limodzi pokhota, ankadziwa kuima mwadzidzidzi pafupi ndi geti, ankadziwa kufufumitsa mimba pomumanga lamba wa chishalo kuti pambuyo pake chishalocho chikhwepe. Ana amagwa, amalira pang'ono, amakweranso. Munthu wa zaka 40 amene akunjenjemera kale akagwa tsiku loyamba sabweranso.

Mayiwo sanagonje msanga. "Nanga ku Lesothoko si maponi omwewo? Bwanji azibambo akuluakulu amakwera?" Apa ndinaitana mnzanga wa ku Lesotho amene tinkagona chipinda chimodzi, munthu woti anaphunzira kukwera asanayambe sukulu. Iye anaseka atamva kuti Kafupi akuyerekezedwa ndi mahatchi a kwawo. Poni ya Basotho imatalika cha m'ma hand 14, chifuwa chotakata, ziboda zolimba, ndipo inachokera ku mahatchi a ku Cape amene anafika m'mapiri amenewo m'nthawi ya mfumu Moshoeshoe, cha m'ma 1830. Imanyamula mwamuna ndi bulangete lake ndi thumba la ufa m'njira zoti galimoto singadutse. Ananenanso kuti pamalo otsetsereka mlendo wanzeru amamasula zingwe n'kuilola hatchiyo kusankha yokha popondapo, chifukwa njirayo imaidziwa kuposa iye. Mawu amenewa anawaopsa mayiwo kuposa onse amene ndinanena ine.

M'khola lakumapeto munali hatchi yaikazi yokalamba imene tinkaitchula kuti Gogo. Inali ya mtundu wa Nooitgedacht, umene boma la South Africa linayamba kuweta mu 1952 pa famu ya kafukufuku ya dzina lomwelo pafupi ndi Ermelo, pofuna kupulumutsa magazi a poni ya Basotho amene ankatha. Gogo anali pamalire penipeni pa poni ndi hatchi, wolemera kuposa makilogalamu 400, msana wotakata, zaka zoposa 20. Sanali wokongola. Mlomo wake wam'munsi unkalendewera, ndipo makolo sankamujambula. Koma mbalame za hadeda zikabuka ndi phokoso lawo lija pafupi ndi bwalo, kapena bingu la masana la ku Joni kuno likagunda, mahatchi ena ankadumphira cham'mbali pamene Gogo ankangotembenuza khutu limodzi. Ndinakauza adona kuti mayi aja ali ndi mantha aakulu kuposa mmene akuonekera, ndipo iwo sanachedwe, anati ayambire pa Gogo, ine ndizigwira chingwe.

Tsiku loyamba sanakwere n'komwe. Ndinawapatsa bulashi kuti apese khosi, ndikuwafotokozera kuti hatchi imaona pafupifupi mbali zonse kupatula kutsogolo kwenikweni kwa mphuno ndi kumbuyo kwenikweni kwa mchira, ndiye uziifikira cha paphewa ukulankhula. Anaipesa atatambasula mkono wonse, thupi lili kutali. Loweruka lotsatira anabwera atavala jinzi ndi helemeti yobwereka, akudandaula kuti mayi awo akanawaona atakhala chotangadza pa nyama akanakomoka. Paja akazi ku Malawi analoledwa kuvala mathalauza mu 1993, mayiwa ali kale kusekondale. Anakwerera pa kabokosi ka masitepe, ndipo atangokhala pachishalo anagwira chingwe ndi manja awiri, miyendo n'kuipanikiza pamimba pa Gogo.

Apa m'pamene pagona vuto lonse la munthu wamantha. Kwa hatchi, kupanikiza miyendo kumatanthauza kuti tiye, kukoka zingwe kumatanthauza kuti ima. Wamantha amachita zonse ziwiri nthawi imodzi, atasiya kupuma, atawerama kutsogolo. Hatchi yaing'ono msinkhu kapena yochenjera ngati Kafupi imasokonezeka kapena kupezerapo mwayi. Gogo anangoima, n'kupuma mpweya wautali, kudikira kuti munthuyo atsimikize chimene akufuna. Adona ankakuwa za zidendene ndi mapewa kuchokera pakati pa bwalo. Ine pambali ndinkangoti, "Mayi, pumani. Tandiuzani, ku Lizulu mbatata ikugulidwa bwanji masiku ano?" Munthu sangafotokoze mitengo ya pamsika atagwira mpweya. Tinazungulira bwalo tikukambirana za kachewere ndi kabichi, ndipo pofika ulendo wachitatu miyendo inali itamasuka yokha.

Sindikunena kuti munthu wamkulu asakwere poni yaing'ono. Ine ndinkakwera tsiku ndi tsiku. Panalinso gogo wina wachizungu, wamfupi ndi wowonda, amene anasiya mahatchi aakulu atathyoka chiuno n'kugula poni yofatsa ya ma hand 13, ndipo kwa iyeyo kuyandikira pansi kunamubwezeradi mtima, poti ankatha kukwera ndi kutsika yekha. Koma iye ankadziwa kale kukhala pachishalo, ndipo poniyo anaisankha chifukwa cha khalidwe lake, ataiyesa kangapo kubwalo ndi kutchire komwe. Amene amandimvetsa chisoni ndi aja amagula kaponi pa Facebook chifukwa n'kotchipa ndi kokongola, kenako n'kupeza kuti kamaluma, kapena kuti mvula ya Okutobala ikagwa udzu wa kikuyu n'kuphuka kamadya mpaka kudwala laminitis, matenda otupa mkati mwa ziboda amene amakonda kugwira timaponi tonenepa. Ndalama zimene anapulumutsa pogula zimathera kwa dokotala wa ziweto.

Mnzanga wa ku Lesotho uja ndi amene anandiuza za bambo Enos Mafokate, amene anayamba ngati groom m'nthawi ya tsankho n'kudzakhala munthu wakuda woyamba kuno kupikisana pa masewera odumphitsa mahatchi, kenako mu 2007 anatsegula sukulu ya mahatchi ku Soweto. Nditawauza mayi aja anati, "Ndiye inunso achimwene musamangokolopa m'kholamu." Ndinangoseka, poti nthawi imeneyo ngakhale mapepala anga anali asanalongosoke.

Pofika kumapeto kwa Novembala ankayenda okha popanda ine kugwira chingwe, ankaimitsa, ankakhotetsa, ndipo trot ankaipirira mbali imodzi ya bwalo akukuwa kuti "Mayo ine!" Maphunziro a madzulo tinkawafupikitsa chifukwa nyengo ya mvula mahatchi amayenera kulowa m'khola dzuwa lisanalowe, kuthawa tizilombo ting'onoting'ono touluka timene timafalitsa matenda a African horse sickness. Mantha sanathe. Asanakwere ankafunsabe ngati Gogo wadzuka bwino lero. Tsiku lina mwana wawo anagwetsedwa ndi Kafupi pa geti paja iwo akuonera ali pamsana pa Gogo, mwanayo anadzuka akuseka, ndipo mayiwo anandiyang'ana osanena kanthu.

Ku Semonkong anapitadi. Anabwerako mu Januwale akuyenda motangadza, akuti poni imene anapatsidwa inali yaifupi pang'ono kuposa Gogo, ndipo pamalo ena otsetsereka anatsika n'kuyenda wapansi, mwamuna wawo ndi mwana akuwaseka. Anandibweretsera chipewa cha udzu cha Basotho ndi envelopu ya marandi 500. Envelopu imeneyi anandipatsa poyera, ma groom anzanga akuona, ndipo lamulo la pakhola paja linali lakuti ndalama za makasitomala zizidutsa ku ofesi n'kugawidwa kwa onse kumapeto kwa mwezi. Mlandu umene unabuka Lolemba lake, ndi mmene ndinapezekera ndikugona kwa msuweni wanga ku Diepsloot, ndidzakufotokozerani m'gawo 10.