Galamafoni ya ku Malindi, ndi ina yowala imene ndinaisiya

Loweruka madzulo

Patha miyezi inayi ndikusakasaka galamafoni yoti ndiziyimbira mbale zisanu ndi ziwiri zimene malume anandisiyira. Mbalezi ndi za 78, zija zozungulira ka 78 pa mphindi imodzi, zolemera, zosachedwa kusweka, ndipo zangokhala mu sutikesi kunsi kwa bedi osalira. Lero ndaona yoyamba yogulitsa, pa shopu ina ya ziboliboli m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay.

Ndinaionera patali chifukwa cha lipenga lake lalikulu la mkuwa, lowala ngati lachita kupukutidwa m'mawa womwewo. Pabokosi pali kagalu kaja kotchera khutu ku lipenga. Wogulitsa anati, "Bwana, iyi ndi ya azungu a nthawi ya Fort Johnston, zaka 100 inapitirira kalekale." Fort Johnston ndi dzina lakale la Mangochi. Mtengo anati K600,000. Mtima unagunda, sindibisa. Koma ndinapempha mpando, ndinakhala pansi n'kuyamba kuiyang'ana chiwalo ndi chiwalo.

Kagaluko sikatsimikizira kanthu. Ndi Nipper, galu wa pa chithunzi chimene Francis Barraud anajambula, ndipo Gramophone Company ya ku London inachigula mu 1899 n'kukhala chizindikiro cha His Master's Voice (HMV). Lero aliyense atha kuchisindikiza n'kumata pa thabwa. Chimene chinandiuza zoona ndi chigongono, polumikizira lipenga ndi mkono wonyamula singano. Pa galamafoni yeniyeni ya lipenga chigongonochi chimapindika mosalala. Apa chinali zidutswa za paipi zodulidwa mopendeketsa n'kuwotcherera, ngodya yake yakuthwa. Chopukusira nacho chinalowa m'bokosi chopendekera m'mwamba. Amapanga choncho pa magalamafoni ang'onoang'ono onyamula m'manja, kuti dzanja lisamagunde tebulo popukusa, ndiye ukachiona pa chibokosi chachikulu cha lipenga umadziwa kuti injini anaizula kwina. Masikuluwu ena anali a mutu wa mtanda, amene anayamba kufala cha m'ma 1930, pomwe magalamafoni a lipenga loonekera kunja kwa bokosi anali atatha kale fasho. M'kati mwa bokosi thabwa linali loyera, likununkhabe vanishi.

Oterewa amapangidwa ambiri ku India, ndipo ntchito yawo ndi kukongoletsa pabalaza. Sindikuganiza kuti wogulitsayo amandinamiza dala. Zikuoneka kuti naye anauzidwa zomwezo ndi amene anamugulitsa. Ndinamuonetsa chigongonocho ndi masikuluwu, anangoti, "Aaa, sindimadziwa ine." Mbale za malume sindingaziyike pamenepo ngakhale atandipatsa ulere, poti mkono wake ndi wolimba, sutsatira bwino mizere, ndipo mbale imaperepeseka.

Lolemba

Mnzanga wa kabaza amene ndinamutuma kuti azitchera khutu anandiimbira dzulo usiku. Kuli agogo ena ku Malindi amene akusunga galamafoni ya malemu amuna awo. M'mawa uno tinawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kulunjika kumeneko.

Titaodira, agogo anatiyalira mkeka pakhonde, kenako mdzukulu wawo anatulutsa kabokosi kakuda kokulungidwa m'chitenje. Palibe chowala chilichonse. Nsalu yakuda yokutira kunja yasupuka m'makona, chogwirira chinaduka ndipo anamangapo chingwe cha ukonde. Agogo anati amuna awo anabwera nayo kuchokera ku Joni, atamaliza kontirakiti ya Wenela, pamodzi ndi njinga ndi bulangete. Tsiku limene anafika, akuti, mudzi wonse unagona pabwalo pawo, ana akusuzumira kuseri kwa bokosi kufuna kuona anthu oimbawo.

Nditatsegula chivundikiro, fungo la girisi wakale ndi fumbi linanditsina mphuno. Kagalu ka m'kati mwa chivundikiro kazilala pamodzi ndi nsalu yake, osati kowala pa nsalu yotha. Ndinapempha chilolezo, "Agogo, ndingachotseko chozungulirachi kuti ndione kunsi?" Iwo anati, "Chotsani mwanangu, bola musaphwanye." Kunsi kwake ndinapeza kachitsulo kakang'ono kolembedwa nambala, ndipo 102 ikuwerengeka bwinobwino.

HMV 102 inayamba kutuluka mu 1931, chaka chomwecho Gramophone Company inaphatikizana ndi Columbia n'kukhala EMI, ndipo inapangidwabe mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Inalowa m'malo mwa 101 ya mu 1925. Kusiyanitsa ziwirizi n'kosavuta ukayang'ana kamutu konyamula singano. Pa 101 pamakhala No. 4, kamene nembanemba yake ndi ya mica, yoonekera ngati galasi. Ya agogoyi ili ndi 5B, nembanemba yake ya aluminiyamu yobisika kuseri kwa chotchinga chachitsulo. Zonse zikugwirizana ndi nkhani yawo, ndipo ichi ndiye ndimafuna: nambala, kamutu ndi mbiri ya mwini wake zizinena chinthu chimodzi.

Kamutuka ndinakhala nako nthawi yaitali m'manja, chifukwa mawu onse amabadwira pamenepa. Mulibe magetsi mu galamafoni. Singano imanjenjemera m'mizere ya mbale, kunjenjemerako kumafika pa nembanemba, mpweya n'kudutsa mu mkono kupita ku lipenga lopindidwa m'kati mwa bokosi. Chitsulo cha kumbuyo kwa timitu ta 5A ndi 5B chimakonda kufufuma n'kung'aluka chikakalamba, ndipo chikatero palibe wowotcherera angachikonze. Ndinawalitsa tochi ya pafoni kuzungulira konse. Mng'alu palibe. Nembanemba sinaphwanyike. Mphira wolumikizira ku mkono wauma gwa ngati fupa, koma ameneyo amasinthidwa. Nditakhudza nsonga ya singano ndi chala, lipenga linayankha kuti khwee, momveka bwino.

Kenako injini. Ndinapukusa pang'onopang'ono, ndikumvetsera ndi dzanja. Sipuling'i ikaduka chopukusira chimangozungulira osalemera, koma iyi inalemera bwino mpaka kumapeto. Ndinamata kapepala m'mphepete mwa chozungulira n'kuwerenga ndi wotchi: pa masekondi 30 kayenera kudutsa ka 39. Poyamba ndinapeza 36, nditasuntha kachitsulo ka liwiro inafika. Ndiye kuti gavanala, tizitsulo titatu timene timatambasuka injini ikathamanga n'kuibweza, akugwirabe ntchito. Pakati pa kuzungulira inagunda kawiri kuti gu! Agogo anadzidzimuka. Ameneyo ndi girisi wouma, sipuling'i imamatirira kenako n'kumasuka mwadzidzidzi. Kuitsuka n'kotheka, koma mgolo wa sipuling'i sindiutsegula ndekha, chitsulo chimenecho chikafwamphuka chimatema dzanja. Pali mkulu wina wokonza mawotchi ndi makina osokera pamsika amene ndikamuonetse.

Chimene ndinkaopa kwambiri kuno kunyanja ndi dzimbiri ndi chiswe. Dzimbiri lilipo pa zotsekera ndi m'makona, la pamwamba chabe. Thabwa ndinaligogoda paliponse, silikumveka mphako. Agogo akuti amaisunga pamwamba pa kabati, kutali ndi khoma.

Singano ndiye zinandimvetsa chisoni. M'kabati kakang'ono ka pakona munali masingano asanu okha, onse onoledwa pamwala, chifukwa atsopano anasiya kupezeka m'masitolo kalekale. Singano yachitsulo imayenera kuimba mbali imodzi ya mbale, mphindi zitatu zija, basi n'kutayidwa. Imapangidwa kuti iperepeseke yokha m'malo mwa mbale. Ikabwerezedwa imasanduka chisemelo. Mbale zisanu ndi zinayi zimene agogo ali nazo zikuonetsa zimenezi, mizere yake yatuwa. Zambiri ndi za Gallotone, za kampani imene Eric Gallo anayambitsa ku Johannesburg mu 1926, ndipo ziwiri ndi za HMV za nambala yoyamba ndi GV, nyimbo za ku Cuba zija zimene anazigulitsa kwambiri mu Africa kuyambira m'ma 1930.

Tinafika pa mtengo. Agogo anati, "Mungondipatsa K50,000 mwanangu, ndiwonjezere pa feteleza." Ndinakhala chete pang'ono. HMV 102 si chinthu chosowa padziko, anapanga zambirimbiri, ndipo yakuda ndiyo yofala. Zofiira, zabuluu ndi zobiriwira ndizo zimakwera mtengo. Iyi ilibenso kathireyi kosungira mbale kamene kamakhala pamwamba pa chozungulira. Mphira, masingano ndi chogwirira ndiyenera kuitanitsa kunja, ndipo aliyense akudziwa mmene kulipira zinthu zakunja kukuvutira masiku ano. Komabe injini yamoyo ndi kamutu kosang'aluka ndizo zimapanga mtengo wa galamafoni, ndipo zonse ziwiri zilipo. Ndinawauza mosabisa kuti ndalama atchulayo yachepa, ine ndingakwanitse K180,000. Ndinawapemphanso kuti ayambe afunsa ana awo, poti ichi ndi chikumbutso cha bambo awo, ndipo sindikufuna kuti mawa kubuke mlandu pabanja chifukwa cha ine.

Lachinayi

Mwana wawo wamwamuna, amenenso ali ku Joni, anaimba pa WhatsApp kudzera pa foni ya mdzukulu uja. Wavomera, koma wapempha kuti mbale imodzi imene bambo ake ankaikonda itsale kunyumba. Agogo anaitulutsa osawerenga n'komwe dzina, anaidziwira pa kachibenthu ka m'mphepete. Ndawalonjeza kuti galamafoni ikakonzedwa ndidzabwera nayo, ndi singano yatsopano, kuti adzaimvenso pakhonde pomwepo.

Pobwerera ndinainyamula pamiyendo, kamutu ndinachotsa n'kukakulunga mu mpango kuti mabampu asakaphwanye. Panopa ili patebulo, ndaipukuta fumbi ndi kansalu kouma basi. Masingano 200 ndi mphira ndaitanitsa kudzera kwa msuweni wanga, ndipo Loweruka ndikutengera injini kwa mkulu wa mawotchi uja. Mbale za malume zidikirebe mu sutikesi mpaka masinganowo afike.