Mmene ndinawerengera mapu pokwera ku Chambe

Usiku woti kukacha ndikwera phiri la Mulanje, ndinayala mapu pamkeka ku Likhubula, m'ngodya nditatsamiza makapu. Ndinayamba ndi sikelo. Mapu anga ndi a 1:50,000, kutanthauza kuti masentimita awiri papepala ndi kilomita imodzi pansi. Ndinatenga ulusi n'kuutsatiza njira ya Skyline, yochokera ku Likhubula kukwera ku Chambe, imodzi mwa nsonga za phirili, m'makhotakhota ake onse, kenako n'kuuyeza pa rula.

Koma ulusi sudziwa chitunda. Zoona zake zili m'timizere tofiirira tolumikiza malo okwera mofanana. Pamene tathithikana, dziwani kuti mawondo akalira. Pamene tatalikirana, mukapumako. Tikapinda ngati V nsonga italoza kumtunda, m'menemo muli khwawa. Makwawa onse ndinawazunguliza ndi pensulo, chifukwa napolo wa nthawi ya namondwe Freddy mu 2023 anakumba ena n'kukwirira ena, ndipo mapu akale sangakuuzeni zimenezo.

M'mawa ndinalembetsa ku ofesi ya zankhalango, n'kupeza wondiperekeza. Tisananyamuke ndinatembenuza mapu mpaka kumpoto kwake kutagwirizana ndi kampasi.

Titatulukira pachidikha cha Chambe ndinaima kakasi. Pamene mapu ajambula nkhalango yobiriwira, maso anga amaona udzu ndi zitsa. Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, atsamunda anadzalamo paini, ndipo dzina loti Skyline likuchokera ku chingwe cha m'mwamba chimene ankatsitsira matabwa. Paini uja anayamba kumera paliponse n'kumapanikiza mitengo yachilengedwe, ndiye ambiri anadulidwa.

Cha kukhwawa mnzangayo anandikodola. "Achimwene, tabwerani mununkhize apa." Anapala chitsa chotuwa ndi mpeni, ndipo fungo la mkungudza linatuluka ngati mtengowo wagwa dzulo. Mtengo wa fuko lathu umenewu, womera mwachilengedwe pa Mulanje pokha, watha ndi macheka komanso moto. Zinandiwawa kwambiri, poganiza kuti mu 2025 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inaika phirili pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, mkungudza waukulu utatsala pang'ono kutheratu.

Chiperoni chitayamba kutsika, nsonga ya Chambe inabisika, koma timizere tija sitinaname. Tinatsata khwawa mpaka kukanyumba kogona alendo. Nditakhala pamoto ndinatulutsa pensulo, ndipo pamwamba pa zobiriwira zija ndinalemba kuti "zitsa", n'kuikapo deti.