Phukusi linamangika bwinobwino, koma pa arm64 limapereka mayankho abodza

Ndimasamalira maphukusi a mapulogalamu mu Debian, mtundu wina wa Linux. Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse. Maphukusi atatu anakana kumangika ndi GCC 15 pa chifukwa chimodzi: compiler imeneyi tsopano imayambira pa C23, muyezo watsopano wa chinenero cha C, ndiye typedef int bool sadutsanso. Awiri ndinawaika chigamba (patch yokonza code) mu debian/patches, lachitatu code yake ndi yakale kwambiri moti ndinangowonjezera -std=gnu17 mu debian/rules. Panalinso debian/watch imodzi imene uscan, chida chofufuzira ma version atsopano, imabwerera nayo chimanjamanja. 

Nkhani ili pa Lachitatu. Pali pulogalamu ina yolunzanitsa ma read (tizidutswa ta DNA towerengedwa ndi makina) ku reference genome (DNA yonse yofanizirapo), yolembedwa mu C. Version yatsopano inalowa ndi gbp import-orig --uscan, kumanga ndi sbuild kunadutsa, lintian (chida chofufuza zolakwika m'phukusi) sanadandaule zambiri. Koma autopkgtest yake, test yoyesa phukusi likaikidwa, inali yongoitana --version basi, yolembedwa superficial (yosazama), ndipo amene anaiika choncho kalekale ndi ine ndemwe. Ndinati ulendo uno ndiike yeniyeni: genome ya kachilombo kotchedwa phiX174, imene ili ndi mabesi (zilembo za DNA) 5,386 okha, ndi ma read 1,000 a mabesi 100 opangidwa ndi wgsim, pulogalamu yopanga ma read ongoyeserera, pa seed yokhazikika. Test ikulunzanitsa, kenako ikufanizira malo, CIGAR (mmene read yagonera pa genome) ndi AS (score ya kulunzanitsako) ndi fayilo ya mayankho oyembekezeka.

Pa amd64, ma processor a mtundu wa Intel ndi AMD, zonse bwino. Mu chroot ya arm64 (ma processor a ARM) pansi pa qemu, pulogalamu yotsanzira processor ina, diff yoonetsa kusiyana kwa mayankho inadzaza sikirini. Pulogalamu sinagwe ayi, exit code 0, SAM (fayilo ya zotsatira) yooneka yaulemu, samtools flagstat n'kumawerenga popanda chodandaula. Koma mzere wina unali ndi AS:i:853. Read ya mabesi 100, besi yogwirizana ikupatsidwa 1, score singapitirire 100 ngakhale zitavuta bwanji.

Choyamba ndinakayikira SIMDe, poti ndi imene imachititsa kuti code ya SSE2, malangizo a SIMD ofulumizitsa masamu pa Intel ndi AMD, iyende pa ARM. Theka la tsiku linathera pamenepo pachabe, chifukwa nditamanga popanda SIMD yankho linali lomwelo. Chinandithandiza ndi masamu a ku pulayimale. Read imeneyo inali ndi mabesi atatu osagwirizana, ndiye 97 ogwirizana. Kuchotsa 97 pa 853 kutsala 756, kugawa patatu ndi 252. Ndipo 252 ndi -4 akamawerengedwa ngati byte yopanda sign. Mu header munali tebulo la ma score lolembedwa char wamba, mtundu wa nambala ya byte imodzi mu C. Pa amd64 ndi i386 char amasunga manambala a negative, koma pa arm64, armhf, ppc64el, s390x ndi riscv64 sasunga. Chilango cha besi yolakwika chinasanduka mphoto, pulogalamu n'kumasankha dala malo amene read ikulakwika kwambiri.

Kukonza kwake sikunatenge ngakhale ola: stdint.h, kenako int8_t pa tebulolo ndi pa ma function atatu amene amalilandira. Njira yachidule ndi -fsigned-char mu debian/rules, ndipo imagwira, koma imangokwirira vuto m'phukusi lathu, amene amamanga okha kuchokera ku source n'kutsala nalo. Ndinasankha chigamba chokhala ndi header ya DEP-3, mawu ofotokoza chigambacho, kuti chipite kwa eni pulogalamu.

Apa m'pamene mtima unandipweteka. Eni pulogalamu anayankha tsiku lomwelo kuti iwo amangosamala za x86 (amd64 ndi i386), n'kutseka nkhaniyo osatenga chigamba cha mizere yosakwana khumi. Mu README mwawo mulibe mawu amenewo, ndipo Makefile siletsa kumanga pa ARM. Chikhala kuti pulogalamu imakana kumangika, bwenzi zili bwino, munthu amadziwa kuti apa palibe njira. Koma iyi imayenda mpaka kumapeto n'kupereka SAM imene wina apititsa ku variant calling, kufufuza pamene DNA ikusiyana ndi reference. Makina a ARM si achilendonso: ma seva a mu cloud, Raspberry Pi, ngakhale container ya Linux pa Mac zatsopano imakhala arm64.

Ndipo test ija sinali ya --version chifukwa cha ulesi wokha. Ma test a eni ake amayamba ndi wget kukatenga data yaikulu pa seva ya labu yawo. Pomanga phukusi la mu main, gawo lalikulu la Debian, intaneti siloledwa, ndipo data imeneyo ilibe laisensi iliyonse yoti tingaiike mu source. Kupanga data yathu kumafuna munthu wodziwa chimene pulogalamu ikuyenera kutulutsa, ndipo anthu otere ndi ochepa poyerekeza ndi maphukusi mazanamazana. Nthawi yambiri imathera kuzimitsa moto wa FTBFS (phukusi kukana kumangika) kuti phukusi lisachotsedwe mu testing, Debian imene ikukonzedwa kudzatuluka, za kulondola kwa mayankho n'kumati tidzaona.

Lachinayi ndinatsegula bug ya severity grave, ndinakweza ku unstable, kumene maphukusi atsopano amayambira, pamodzi ndi test yatsopano, n'kukonza debdiff (ndandanda wa zosintha) yaing'ono yopempha kusintha phukusi la mu stable, Debian imene inatulutsidwa kale, poti version ya mu stable ili ndi tebulo lomwelo. Mu changelog ndinalemba mosabisa kuti zotsatira zonse zakale za pa ma architecture amenewa n'zofunika kubwereza. Fayilo ya mayankho oyembekezeka ndinachotsamo mizere ya @PG, imene imalemba version ya pulogalamu, apo ayi diff imagwa nthawi iliyonse version ikasintha.

Lachisanu linali la phukusi latsopano: ma jar awiri opanda source mu Files-Excluded, +dfsg pa version, debian/copyright fayilo ndi fayilo, kenako ku NEW, mzere wa maphukusi atsopano odikira kuvomerezedwa. Madzulo ndinafufuza pa codesearch.debian.net matebulo ena a char okhala ndi manambala a negative m'mapulogalamu olunzanitsa. Mapulogalamu awiri akundikayikitsa, ndipo onse autopkgtest yawo ndi ya --help. Qemu ikuchedwa kwambiri pa pulogalamu yachiwiriyo, ndiye idikira porterbox, makina enieni a Debian oyeserapo, Lolemba.