Maziro atatu

Popeza anzanga a ku ofesi ayamba kale kunditcha "a Maziro", ndi bwino nkhaniyi muimve kwa mwini wake asanaithire mchere.

Anandipatsa ntchito yofufuza ngati feteleza wotsika mtengo wa FISP, pulogalamu ya boma la Zambia yothandiza alimi ndi zipangizo zaulimi, amasinthadi moyo wa alimi. Ndinali ndi data ya mabanja a ku Chipata ndi Katete, ya 2010 ndi ya 2015. Njira yake ndi ija ya difference-in-differences: uone mmene olandira asinthira, uchotsepo mmene osalandira asinthira, chotsalacho ndiye cha feteleza. Stata, pulogalamu ya pakompyuta yowerengera data, inanditulutsira nyenyezi zitatu, chizindikiro choti zomwe ndapeza n'zolimba, sizinangochitika mwamwayi. Amene munachitapo regression, masamu a mtundu umenewu, mukudziwa kuti nyenyezi zitatu zimakoma kuposa "inde" wa namwali. Yankho lake linali loti ndalama zomwe mabanja olandira feteleza amagwiritsa ntchito pamwezi zinatsika ndi maperesenti oposa 99.

Wanzeru akanakayika. Ine ndinapita ku Kamwala kukagula tayi.

Tsiku la msonkhano, pa hotelo ina ya mu Great East Road, ndinaima pamaso pa akuluakulu n'kufotokoza chifukwa chake feteleza amasaukitsa anthu. Chifukwacho ndinapeka ndekha usiku. Ndinati zolandira zimafoola mkono, mlimi amaiwala khasu. Ndinatambasula manja ngati mlaliki wa m'basi. Mphindi makumi awiri zathunthu!

Kenako bambo wina wa imvi anakweza dzanja. Sanafunse kanthu. Anatulutsa chikwama pang'onopang'ono, n'kusololamo ndalama yakale ya K50,000 yomwe akuti amasunga ngati chikumbutso.

"Mwana wanga," anatero, "iyi pa 1 Januwale 2013 inasanduka K50. Boma linadula maziro atatu. Kodi inu munawadula?"

Chipinda chonse chinati zii. Ndinamva supuni ikugwa kukhitchini, mwinanso ku Matero. Kadontho kofiira ka laser kanali kakadali pa nyenyezi zanga zija, kakunjenjemera, kakulumpha kuchoka pa yoyamba kupita pa yachitatu ngati kakuwerengera anthu: ziro, ziro, ziro. Chala changa chinakana kusiya batani. Bambo aja nawonso sanatsitse ndalama ija, anangoigwira m'mwamba ngati refa ndi khadi lofiira.

Koma tinene zoona. Ndalama za 2010 ndinazigawa ndi 1,000, ndithu ndinagawa, kungoti pa fayilo ya osalandira yokha. Ndisanafike pa inayo magetsi anazima kwathu ku Kalingalinga, ndipo m'mawa mwake mtima unandiuza kuti ndinamaliza. Ndiye theka la ntchitoyo linali lolondola. Komanso abwana anawerenga zonsezo n'kulemba kuti zili bwino kwambiri, ndipo mayi wina wa kutsogolo ankagwedeza mutu n'kumalemba m'kope. Iwowo bwanji simuwatcha mayina?

Pa nkhomaliro woperekera zakudya anandifunsa kuti nkhuku ndikufuna zidutswa zingati. Mnzanga wina kumbuyo anayankha kuti, "Apatseni 1,000, agawa okha."

Ndinadya ziwiri. Tayi ija ndinapatsa mlamu wanga.