Kuwoloka Clyde kupita kwawo kwa James Black

Amalawi ambiri okhala ku Scotland ulendo wa ku Blantyre wa ku Scotland komweko amaudziwa. Umakwera sitima pa Glasgow Central, theka la ola lisanathe watsika, n'kutsetsereka kupita ku nyumba imene David Livingstone anabadwiramo mu 1813. Anthu amajambula zithunzi, kudya kamba, basi n'kubwerera. Ine Loweruka lija ndinapitirira. Kumunsi kwa nyumbayo kuli kamlatho ka anthu oyenda pansi kowolokera ku Bothwell, ndipo kuchokera pamenepo njira imatsata mtsinje wa Clyde m'nkhalango mpaka pa mabwinja a Bothwell Castle, chimpanda cha miyala yofiira chomangidwa m'zaka za m'ma 1200. Matope anali thoo, nsapato zanga za ku ntchito zinaona zakuda.

Kumene ndimapita ndi ku Uddingston. Mukafunsa munthu wa kuno za tauniyi akuuzani za Tunnock's, fakitale ya mabisiketi a chokoleti imene inayamba mu 1890. Ine chinandikoka n'china. Ndine namwino, ndipo mapiritsi a propranolol, mankhwala a mtima, ndawawerengera odwala kuyambira ndili kwathu mpaka kuno. Amene anawatulukira, James Black, anabadwira m'tauni yomweyi mu 1924, kutsidya kwa mtsinje kuchokera kwa Livingstone. Bambo ake ankagwira ntchito za migodi ya malasha, ndipo iye anakulira ku Cowdenbeath, n'kukaphunzira udokotala ku St Andrews.

Nditakhala pansi ndi kapu ya tiyi, ndinaganizira za nzeru imene inam'tchukitsa, chifukwa ndi yophweka moti imakwiyitsa. Munthu wa angina amamva kuwawa pachifuwa chifukwa mtima sukulandira mpweya wokwanira. Madokotala a nthawiyo ankalimbana ndi kutsegula mitsempha kuti magazi afike ambiri. Black anatembenuza funso: bwanji tichepetse mpweya umene mtimawo ukufuna? Chimene chimauthamangitsa munthu akachita mantha kapena akakwera chitunda ndi timadzi ta m'thupi totchedwa adrenaline ndi mnzake noradrenaline. Koma uthenga wa adrenaline sulowa m'mtima chisawawa, umalandiridwa pa receptor, kamalo ka pakhungu la selo. Mu 1948 Raymond Ahlquist wa ku America anali atanena kuti malo amenewa alipo a mitundu iwiri, alpha ndi beta, koma anthu ambiri sanalabadire. Black anakhulupirira. Atalowa ntchito ku kampani ya ICI mu 1958, anayamba kufunafuna mankhwala ofanana ndi adrenaline kokwanira kukhala pa receptor ya beta koma osaidzutsa, ngati kiyi wolowa m'loko koma osatembenuka, amenenso akutsekereza kiyi weniweni. Mu 1964 propranolol anapezeka.

Chimene chimandigometsa n'chakuti nthawi imeneyo palibe amene anali ataionapo receptor. Black ankaidziwa poyeza mmene kanyama ka mtima kakugundira akathirako mankhwala, basi. Ndiye anabwerezanso njira yomweyo ku kampani ya Smith Kline & French, ulendo uno pa histamine amene amachititsa asidi m'mimba, ndipo kunatuluka cimetidine mu 1976. Zilonda za m'mimba zimene zinkapititsa anthu ku opaleshoni zinayamba kupola ndi mapiritsi. Mphoto ya Nobel anailandira mu 1988, pamodzi ndi Gertrude Elion ndi George Hitchings. Ena amati kupanga mankhwala m'kampani si sayansi yeniyeni. Ine ndimati amene amatero sanaimepo pambali pa bedi la wodwala mtima usiku.

Receptor ya beta yeniyeniyo inadzaonekera mochedwa. Gulu la Robert Lefkowitz ku Duke University linapeza jini yake mu 1986, ndipo Brian Kobilka mu 2011 anaonetsa maonekedwe ake pa nthawi imene ikupereka uthenga m'kati mwa selo. Awiriwa analandira Nobel mu 2012, Black atamwalira kale mu 2010. Zinadziwika kuti receptor imeneyi ili pa mtundu umodzi ndi zina mazanamazana, kuphatikizapo za m'maso, za m'mphuno, ndi za mu ubongo zolandira dopamine, timadzi tonyamula uthenga mu ubongomo.

M'sitima yobwerera ku Glasgow ndinakhala moyang'anana ndi mayi wina wachikulire amene manja ake ankanjenjemera potsegula chikwama. Sindinawafunse kanthu, si kuchipatala kuno. Koma propranolol yemweyo amaperekedwanso kwa anthu onjenjemera manja, a mutu waching'alang'ala, ndi a BP. Amene sitimupatsa ndi wa mphumu, chifukwa m'mapapo mulinso receptor ya beta, ndipo ukaitseka njira za mpweya zimafinyika. Funso la mphumuli ndilo loyamba limene ndimafunsa wodwala ndisanatsegule botolo.