Batire lalowa, fani yayamba kulira: pomwe ndafika ndi laputopu ya achemwali

Laputopu yakale ija achemwali anandisiyira tsopano ili ndi batire latsopano, ndipo mbali imeneyo zayenda bwino. Ndinatsegula Command Prompt, pomwe timalembera malamulo mu Windows, n'kulemba powercfg /batteryreport, ndipo lipoti lomwe linatuluka likusonyeza kuti moto womwe batireli likusunga sukusiyana kwenikweni ndi womwe analipangira. Magetsi akathima madzulo, makina sakuzimanso pompo ngati kale. Koma nditangotseka chivindikiro cha pansi n'kuyatsa, fani inayamba phokoso lomwe kale kunalibe. Ntchito ya sabata ino yakhala imeneyo.

Anzanga okonda kutsegula makina, musanagwire screwdriver, yambani mwatchera khutu. Fani ili ndi kaliridwe kosiyanasiyana, ndipo kalikonse kamaloza kwake. Ikamangouzira mphepo mwamphamvu, fuuu, ndiye kuti fani ili bwino koma mkati mwatentha. Ikamati tiki-tiki-tiki mofulumira, pali chinthu chimene mapiko ake akukhudza. Ikamakukuta mosalekeza, vuto lili pakati pomwe imazungulirapo. Yangayi inali ndi ziwiri zoyambazo pamodzi. Tiki-tiki ankabwera ndikapendeketsa makina kapena ndikatsamira dzanja pafupi ndi kiyibodi, pomwe mphepo yamphamvu inkayamba chaja chikalowa.

Ndinayamba ndi tiki-tiki, chifukwa phokoso limeneli limadya mapiko ukalilekerera. Linkamveka ngati kapulasitiki kamene ana amamangirira ku masipoko a njinga. Ndinachotsanso chivindikiro, n'kuyatsa makina ali chagada, n'kuunika ndi tochi ya foni. Ili chitsegulire chonchi fani inkazungulira phee. Nditakankha pang'ono ndi chala waya wa sipika amene amadutsa m'mbali mwa batire, phokoso lija linabwera nthawi yomweyo. Nditauyang'anitsitsa wayayo ndinaona kamalo kakang'ono pamene chikopa chake chakuda chinapalika n'kuyamba kunyezimira.

Chomwe chinachitika ndachimvetsa tsopano. Batire lakale linali litatupa, mpaka linatukula touchpad, paja timayendetsera kamuvi ndi chala. Mabatire a lithium-ion akakalamba, makamaka akamakhala pamalo otentha ali odzadza nthawi zonse, amapanga mpweya mkati n'kufufuma. Pofufumapo linathyola timbedza tapulasitiki tomwe timagwira waya uja m'njira yake, koma popeza linali lonenepa, linkaupanikiza lokha pamalo amodzi. Latsopanoli n'lopyapyala bwinobwino, ndiye waya unapeza mpata n'kuwerama mpaka kukafika pa fani. Ndinaubwezera m'njira yake n'kuumata ndi tepi yachikasu yopirira kutentha ija amaitcha Kapton. Tepi yakuda yomangira mawaya a magetsi a m'nyumba sindiikonda mkati mwa laputopu, chifukwa ikatenthedwa guluu wake amasungunuka n'kuyamba kukoka fumbi.

Ndinayang'ananso ma screw, poti nawonso amabweretsa phokoso lofanana. Sakhala otalika mofanana, ndipo yaitali ikalowa pa bowo la yaifupi imatha kukankha chikuto cha fani. Ine ndimajambula pansi pa laputopu pa katoni n'kumabaya screw iliyonse pamalo pake. Onse anali m'malo mwake.

Phokoso linalo, la mphepo yamphamvu lija, ndi lomwe linandipatsa chidwi kwambiri, ndipo ndikuganiza kuti n'limene limachititsa anthu ambiri kubwerera kwa wogulitsa n'kukanena kuti batire n'labodza, pomwe batire lilibe mlandu. Pa motherboard, bolodi lalikulu la mkati mwa laputopu, pali kachipangizo kotchedwa embedded controller, kamene kamayang'anira kutchaja, kiyibodi ndi liwiro la fani. Malaputopu ena akaona kuti batire lafa kapena palibe, amachepetsa liwiro la processor, yomwe ndi ubongo wa makinawo, chifukwa chaja pachokha sichingakwanitse mphamvu yomwe imafunika mwadzidzidzi ntchito ikakula. Makina oterewa amakhala aulesi koma ozizira, ndipo mwini wake amazolowera bata. Ukaika batire lamoyo, processor imamasuka n'kuyamba kuthamanga mmene anaipangira, ndipo kutchaja nakonso kumaonjezera kutentha kwake. Fani imapezeka yapatsidwa ntchito yomwe inaiwala kalekale.

Pulogalamu ya HWiNFO, yomwe imasonyeza kutentha kwa mkati mwa makina, inanditsimikizira zimenezi. Nditangotsegula vidiyo imodzi ndi masamba angapo a pa intaneti, kutentha kwa processor kunadutsa madigiri 90. Ma processor ambiri a Intel a m'malaputopu malire awo amakhala cha pa madigiri 100, pomwe amadzichepetsera okha liwiro kuti asapse. Mu Task Manager, momwe mumaonekera mapulogalamu omwe akuyenda, munalibe pulogalamu yomwe inkadya mphamvu mobisa. Ndinayesanso njira yosavuta ija yozula chaja ndi batire n'kusindikiza batani loyatsira kwa masekondi 30 kuti kachipangizo kaja kayambirenso. Sizinasinthe kanthu, koma ndi chinthu choyenera kuyesa poti sichidya ndalama.

Ndiye ndinamasula fani yeniyeniyo. Kutentha kwa processor kumayenda m'kachitoliro ka mkuwa mpaka pa timizere tachitsulo topyapyala tomwe tili potulukira mphepo, ndipo fani imauzira pa timizere timeneti. Pakati pa fani ndi timizereto ndinapeza fumbi losakanikirana ndi ubweya wa bulangete litaumbika, moti ndinalikoka ndi kopanira linatuluka lathunthu, lotuwa, lotalika ngati chala. Ukayang'ana kunja suliona ayi. Achemwali ankakonda kugwira ntchito laputopu ili pabedi, ndipo fumbi la kuno ku Chilomoni kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa mukulidziwa. Mphepo inalibe potulukira, fani n'kumangodzipha nayo ntchito.

Ndinatsuka ndi bulashi yofewa ndi kampira kopopera mpweya ka pamanja. Pano ndichenjeze, chifukwa ndaonapo anthu akupita ndi laputopu kopopera matayala. Mpweya wa kompulesa ndi wamphamvu kwambiri, nthawi zina umatuluka ndi chinyezi, ndipo umazunguza fani kupitirira liwiro lake mpaka pakati pake kuwonongeka. Popopera mulimonse, gwirani mapiko ndi chala asazungulire.

Poti ndinali nditafika kale pamenepo, ndinatukulanso heatsink, chitsulo chomwe chimakhala pamwamba pa processor n'kumachotsa kutentha. Thermal paste yakale, yomwe imapakidwa pakati pa ziwirizi kuti kutentha kuzidutsa bwino, inali itauma gwa, ikufumbutuka ndikaikanda ndi chikhadabo. Ndinapukuta mbali zonse ziwiri ndi spiriti yotchedwa isopropyl alcohol pa kansalu kosathothoka ulusi, n'kudonthezapo yatsopano pang'ono pakati. Pa heatsink pali manambala pafupi ndi screw iliyonse, ndipo amatsatidwa pomanga, pang'onopang'ono, kuti chitsulo chikhale mofanana mbali zonse.

Zotsatira zake zandisangalatsa kwambiri. Ntchito yomweyo yomwe inkafikitsa makina kupitirira madigiri 90 tsopano ikuthera m'ma 70, ndipo ndikamangolemba fani imafika poima zii. Ikadzuka, mphepo yotentha ikumveka padzanja potulukira paja, chomwe poyamba sichinkachitika. Ndasinthanso dongosolo la mphamvu mu Windows kuti likhale pa Balanced. Komabe sindinamalize kuyeza. Masiku apitawa kunagwa kachiperoni, ndipo kunja kukazizira makina aliwonse amaoneka aulemu. Mayeso enieni adzakhala masana a mu Okutobala, m'chipinda changa cha malata opanda siling'i.

Maphokoso awiri aja atachoka, lachitatu lomwe linkabisala pansi pake layamba kumveka. M'mawa makina akangoyaka, fani imakukuta pang'ono kwa kanthawi kenako n'kusiya. Chimenechi ndi chizindikiro chakuti mafuta a pakati pomwe imazungulirapo auma. Mafani ena amalola kuzula mapiko n'kudonthezapo mafuta, ndipo yangayi inalola. Ndinapempha mafuta a makina osokera kwa atelala amene amasoka pakhonde pafupi ndi kwathu, dontho limodzi lokha pansonga ya singano. Mafuta ophikira musayerekeze, amalimba n'kumata. Kukukutako kwachepa, koma ndikagwedeza mapiko ndi chala akusewera m'mbali, kusonyeza kuti chitsulo chadyeka kale. Mafuta angondigulira nthawi.

Ndiye ndikusaka fani ina. Pa kapepala ka yangayi palembedwa DC 5V, ndipo ili ndi mawaya anayi: awiri a moto, wina wouza makina liwiro lomwe ikuzungulira, wina wolamula liwirolo. Ya mawaya atatu, ngakhale itafanana kukula, siingalowe pa pulagi yake. Ndinafunsa bambo wina wachikulire wokonza mafoni ndi makompyuta mumsika wa Ndirande kuti, "Madala, yotere ingapezeke?" Anaitembenuza, n'kuwerenga nambala yake, ndipo anandilangiza kuti ndikayang'ane kwa ogula malaputopu akufa ku Limbe, nditanyamula yakaleyo kuti ndikayerekeze mabowo a ma screw ndi kutalika kwa waya. Ndipita Loweruka.

Batire lotupa lija ndaliika m'chitini cha mchenga panja pamthunzi, nditamata tepi pa pulagi yake. Silobaya, silopinda, ndipo siloponya kudzala komwe timatentha zinyalala, chifukwa likabooka kapena kupsa limayaka moto wovuta kuzimitsa. Ndikapita nalo ku Limbe komweko kuti ndikafunse amene amalandira mabatire akufa.